Phalaenopsis amabilis: duwa ndi labwino, koma mphika wake unatsala pang'ono kulipha

Ndinagula orchid ameneyu chifukwa cha maluwa ake basi, za kasamalidwe sindinafunse n'komwe. Anali maluwa 7 oyera mbee pa phesi limodzi lowerama, lililonse litatambasuka ngati gulugufe wausiku. Dzina lakuti Phalaenopsis likunenanso zomwezo m'Chigiriki, ndipo analipereka ndi katswiri wa zomera Carl Blume mu 1825. Wogulitsa anandipatsa chomeracho chili mumphika wonyezimira, pamodzi ndi kapepala konena kuti ndizithirira kamodzi pa sabata.

Pa maluwa sindingadandaule. Anakhala pafupifupi miyezi itatu asanayoyoke. Zovuta zinayamba pambuyo pake, masamba atayamba kulefuka n'kuchita makwinya. Ine ndinati ndi ludzu, ndiye ndinawonjezera madzi. Chinandidzidzimutsa ndi fungo. Nditachizula ndinapeza kuti mphika wokongola uja ulibe bowo ngakhale limodzi, madzi angodikha pansi. Pakati pa mizu anali atabisamo chibulumwa cha ndere ya sphagnum, chothinana gwa, chonyowa ngati siponji. Mizu yambiri inali itada, ukaifinya inkangosendeka n'kutsala kaulusi m'kati. Ludzu linalipodi, koma chifukwa choti mizu yomwera madzi inali itawola.

Ndikanadziwa kwawo kwa chomerachi sindikanakhulupirira kapepala kaja. M'nkhalango zamvula za ku Indonesia, Philippines, New Guinea mpaka ku Queensland ku Australia, sichimera m'dothi. Chimakakamira pa mitengo, pamthunzi, mizu ili pamtunda. Mtengowo sichiuyamwa ayi, chimangotsamirapo. Mvula ikagwa mizu imanyowa, kamphepo kakadutsa yauma. Ku Indonesia amachitcha anggrek bulan, ndipo ndi limodzi mwa maluwa atatu oimira dzikolo. Ndiye ife tikuchitsekera m'chithaphwi!

Ndinadula zowola zonse ndi sizasi yoyera bwino, panatsala mizu itatu yokha. Ndinachiika mumphika wapulasitiki woonekera m'kati, wamabowo pansi ndi m'mbali, momwe ndinathiramo zidutswa za makungwa a paini ndi makala pang'ono. Kunena zoona mphikawu ndi wonyansa, koma ndi umene unandiphunzitsa kuthirira. Mizu ya orchid ili ndi chikuto chotchedwa velamen chomwe chimamwa madzi msanga. Ikakhuta imabiriwira, ikauma imatuwa ngati siliva. Tsopano sindiwerenga masiku, ndimangosuzumira. Ikatuwa ndimathira madzi ambiri m'mawa mpaka azituluka pansi, kenako ndidikire akhe onse. Nthawi yotentha sapita masiku ambiri, yozizira pamatha ngakhale milungu iwiri. Kungoti musachiumitse kwambiri, chifukwa mtunduwu ulibe tsinde lotupa losungira madzi monga a orchid ena, umadalira masamba ndi mizu.

Chinanso chomwe kapepala sikananene: madzi asatsalire pakati pomwe masamba amatulukira. Pamtengo chomerachi chimakhala chopendekeka moti madzi amangoyenderera, koma mumphika chimaima chilili ndipo timadzi tomweto tingawoletse mtima wake. Akagwerapo ndimapukuta ndi kansonga ka tishu.

Kuwala chimakufuna, dzuwa lamasana ayi. Tsamba limodzi lili ndi chipsera mpaka lero chifukwa ndinachiiwala pawindo tsiku limodzi lokha. Pawindo loyang'ana kum'mawa ndi pomwe chakhazikika. Feteleza ndimasungunula theka la muyeso wolembedwa, ndipo nthawi zina ndimatsukuluza makungwa ndi madzi okhaokha kuti mchere usaunjikane.

Amene ali ndi phuma asagule. Pa chaka chimatulutsa tsamba limodzi kapena awiri, ndipo changa chinatha chaka ndi miyezi ingapo osaonetsa duwa. Phesi la maluwa limabwera usiku ukazizirako kwa milungu ingapo, madigiri 16 mpaka 18. Langa litatuluka ndinkaliyesa muzu. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti nsonga yake ndi yaphwatalala ngati kadzanja kofumbata, pomwe ya muzu imakhala yobulungira ndi yosalala.

Chomeracho ndingachigulenso, ndipo kwa woyamba kumene kusunga ma orchid ndi chimene ndingamulozere, poti chimapirira: chinabwerera kuchokera pa mizu itatu. Amene ndamukwiyira ndi wolongedza, yemwe anaganizira za maonekedwe a pashelefu osati moyo wa chomera. Mukamagula, chitulutseni mumphika wakunjawo muone mizu, ndipo mupise chala pakati kuti mumve ngati muli chibulumwa cha ndere. Changa pano chili ndi maluwa 5, awiri sanatsegule.