Maphunziro a gofu a Loweruka m'mawa: zomwe ndapezako ndi zomwe zikusowa

Kwa milungu isanu ndi umodzi tsopano ndakhala ndikupita Loweruka lililonse kukaphunzira gofu kwa bambo wina wachikulire amene amaphunzitsa ongoyamba kumene pa bwalo lina muno mu Lilongwe. Bambowa anayamba ali mnyamata kunyamulira osewera zikwama za ndodo, ndipo zimenezi zimaonekera m'kaphunzitsidwe kawo, chifukwa amadziwa msanga pamene munthu akulakwitsa asanamenye n'komwe mpira.

Tsiku loyamba sanandilole kumenya mpira ngakhale umodzi. Anandigwira manja, n'kuika chala changa chaching'ono chakumanja pamwamba pa mkombaphala wakumanzere, kenako anandiuza kuti kagwiridwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Harry Vardon, katswiri wobadwa mu 1870 pa chilumba cha Jersey, amenenso ali mwana ankanyamulira anthu ndodo. Vardon anapambana mpikisano wa Open Championship kasanu ndi kamodzi, mu 1896, 1898, 1899, 1903, 1911 ndi 1914, ndipo mpaka lero palibe amene wafikapo pa chiwerengerochi. Chikho choyambacho anachitenga pa bwalo la Muirfield ku Scotland atafanana mphamvu ndi J.H. Taylor, mpaka awiriwo anachita kubwereza maenje 36 kuti wopambana adziwike.

Chimene ndimayamikira kwambiri n'chakuti mbiri imeneyi sainena mongocheza, koma amaibweretsa pamene wophunzira akuifunadi. Mlungu wachitatu dzanja langa linkanjenjemera nthawi zonse ndikafuna kulowetsa mpira m'dzenje uli pafupi, moti ndinayamba kugwa ulesi. Apa m'pamene anandifotokozera kuti Vardon atapambana mu 1903 anagonekedwa ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo atachira dzanja lake linkamuvutitsa pa mipira yapafupi yomweyi, komabe anatenganso zikho ziwiri pambuyo pake. Atatero anandiuza kuti ndifewetse zala, ndipume kaye, ndipo ndisadzutse mutu mpaka nditamva mpira ukugwera m'dzenje. Malangizowo anandithandiza tsiku lomwelo.

Nkhani imene amaikonda kuposa zonse ndi ya mu 1913 ku Brookline m'dziko la America, pamene Vardon ndi mnzake Ted Ray anagonja pa mpikisano wa US Open kwa Francis Ouimet, mnyamata wa zaka 20 amene kale ankanyamula ndodo pa bwalo lomwelo. Akamaifotokoza nkhope yawo imawala, ndipo anyamata awiri a ku Kawale amene timaphunzira nawo amamvetsera osaphethira.

Zosowa zilipo, ndipo sindingazibise. Ndodo zomwe amabwereketsa ndi zakale, labala wa pogwirira anatha mpaka kusalala, moti m'dzuwa la Okutobala manja akachita thukuta ndodo imapotokera m'manja, chinthu chimene chimasokoneza kagwiridwe komwe akukuphunzitsako. Komanso timakhalapo anthu asanu ndi atatu kwa mphunzitsi mmodzi, choncho nthawi yambiri imatha munthu ukudikira kuti akufikire, ndipo osewera enieni akachuluka pa bwalo timachedwa kuyamba.

Amene akufuna kuyesako afike m'mamawa kusanatenthe, atenge madzi akumwa ndi golovesi yakumanzere, ndipo ngati angathe agule ndodo imodzi yawoyawo yokhala ndi pogwirira pabwino. Ine ndalipira kale milungu ina isanu ndi umodzi, ndipo Loweruka likubwerali ndikupita ndi mwana wanga wamkazi.