Turnitin, Grammarly ndi zoyezera zaulere: ndiyeze pati ndisanapereke?

Anzanga amene mukulemba kafukufuku wa chaka chomaliza, funso loti muyeze pati ntchito yanu musanapereke kwa asupavayiza, kuti muone ngati muli mawu ofanana ndi zolemba za ena, ndilofunika, chifukwa zida izi sizifufuza malo amodzi.

Turnitin, yomwe inayambira ku California mu 1998, mphamvu yake ili m'nkhokwe. Kuwonjezera pa masamba a pa intaneti ndi zolemba za akatswiri, imasunganso ntchito za ophunzira zimene zinaperekedwa kale. Ukakopera mutu wachiwiri wa mkulu wako amene anamaliza zaka zitatu zapitazo, ngati ntchito yakeyo inalowamo, wagwidwa. Munthu payekha sagula, imadzera kusukulu. Ndipo nkhokwe yomweyo imapweteka osalakwa. Mnzanga wina anapempha munthu wa pasukulu ina kuti amuyezere mwamseri, osadziwa kuti ntchitoyo yasungidwa. Tsiku lopereka, lipoti linatuluka lofiira psuu, tsamba ndi tsamba, likufanana ndi ntchito yake yomwe. Ndinamuona atakhala pakhonde la ofesi, atanyamula makope ake akale oti aonetse kuti analemba yekha.

Grammarly aliyense angathe kulipira. Imayerekeza ndi masamba a pa intaneti ndi nkhokwe ya zolemba za akatswiri yotchedwa ProQuest, koma zomwe anzako anapereka ku Turnitin siiziona. Choncho peresenti yochepa ya mawu ofanana imene mungapeze kumeneko isakugonetseni tulo. Imathandiza ndithu kukumbutsa ndime imene mwaiwala kutchula mwini wake.

Zaulere zija zambiri zimalandira mawu pafupifupi 1,000 pa nthawi imodzi, ndipo sudziwa kumene ntchito yako ikupita. Ine kafukufuku wosasindikizidwa sindingamuike kumeneko.

Chimene chimandiwawa ndi aphunzitsi oyang'ana nambala yokha. Peresenti ija imaonetsa kufanana kwa mawu, sikuti ndi chigamulo cha kuba: mawu a ena omwe mwatchula mwini wake bwinobwino ndi mndandanda wa mabuku zimawerengedwanso ngati sanazichotse poyeza. Choyezera zolemba za AI (mapulogalamu olemba okha monga ChatGPT), chomwe Turnitin inaonjezera mu Epulo 2023, ndiye chosadalirika kwenikweni. Vanderbilt University ya ku America inachizimitsa mu Ogasiti chaka chomwecho poopa kunamizira ana osalakwa, pomwe OpenAI, kampani yomwe inapanga ChatGPT, inali itachotsa kale chake mu Julayi.

Ine ndimasankha Turnitin ya pasukulu panu pomwepo. Pemphani asupavayiza akutsegulireni poyezera pamene ntchito sisungidwa m'nkhokwe, kenako mukhale nawo pansi, muwerenge ndime zopakidwa utoto imodziimodzi.