Elephant Marsh, maiwe a ku Lengwe kapena Kapichira: tikapumire kuti kuno kuchigwa?

Ukafika mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa, kutentha kukamapyola madigiri 40, aliyense amalakalaka atakhala pafupi ndi madzi. Ambirife a ku Nchalo, Ngabu, Bangula ngakhale ku Nsanje, tikangopeza kandalama ndi masiku awiri opuma, maganizo amathamangira ku Mangochi. Ulendo umenewo ndi wokwera zitunda za ku Thabwa, kudutsa Blantyre ndi Zomba, tsiku lonse lathera m'minibasi, ndalama yatheranso panjira. Chonsecho madzi okongola tili nawo konkuno. Malo amene ndikufuna tiwayerekeze ndi atatu: dambo la Elephant Marsh, maiwe omwera nyama a ku Lengwe, ndi madzi a Shire pa Kapichira m'nkhalango ya Majete.

Ndineneretu kuti mwa atatuwa palibe posambira. Shire wa kuno ndi wa ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odekha a m'mathamanda ndiwo amasunga tinkhono tofalitsa likodzo. Wofuna kuviika thupi akasambe m'dziwe lasimenti la pamalo ogona alendo. Madzi athu ndi oti uwaone, uyendepo pabwato, udye nsomba zake.

Ine mtima wanga uli ku Elephant Marsh. Damboli limatambalala kuchokera kumunsi kwa boma la Chikwawa mpaka ku Chiromo, ndipo mu 2017 linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, kukhala lachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Kukula kwake ndi mahekitala opitirira 61,000, ngakhale madzi amafutukuka ndi kuphwa malinga ndi nyengo. Dzinalo anatcha ndi David Livingstone mu 1859 ataona njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi. Lero njovu mulibe ndi imodzi yomwe. Muli mabango, gumbwa, migwalangwa m'mphepete, ndi mbalame zosawerengeka: nkhwazi, akakowa, atsekwe, avuwo, anantchengwa.

Kumeneko kulibe geti, kulibe risiti. Mumafika padoko monga pa Mchacha James, kutsidya la kum'mawa kufupi ndi Makhanga, n'kukambirana ndi msodzi kuti akutengeni pabwato lake. Mumakhala pansi penipeni, madzi ali cha m'chigongono, iye ali chiimire kumbuyo akukankha ndi mtengo wautali. Mukamalowa mumpata wa mabango mumamva akugogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, kuti mvuu imene yamira imve kuti kukubwera anthu, ivuuke patali isanadzidzimuke. Mukatulukira pamtetete, madzi onse ayala masamba ndi maluwa a nyika, ndipo kambalame ka zala zazitali kakuyenda pamwamba pa masambawo osamira. Mlendo amangoona maluwa. Ife a kuno timadziwa kuti pansi pa maluwawo pali chakudya chimene amayi a ku Nsanje amakazula m'zaka za njala, atalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, ng'ona zili momwemo. N'chifukwa chake ndimafuna kuti ana athu ophunzira m'tauni akalione damboli ndi maso awo, adziwe chimene chinapulumutsa agogo awo.

Mukabwerera padoko, mphende kapena mlamba wongovuulidwa kumene amakuotcherani pomwepo ndi kamchere, ndipo ndalama yanu imalowa m'thumba la mwini bwato ndi mayi wogulitsa nsomba, osadutsa pa wina aliyense. Ku Lengwe ndi ku Majete zimenezi simungazipeze.

Zovuta zake nazo n'zambiri. Mthunzi palibe, chimbudzi cha alendo palibe, majekete oyandamitsa munthu asodzi sakhala nawo. Namasupuni amatseka mipata, moti njira imene munadutsa chaka chatha mwina chaka chino yatsekeka. Kufikako ndiye nkhani: mukadzera msewu wa kum'mawa wochokera pa Thabwa kudutsa Livunzu, Masenjere mpaka Muona, mukonzekere fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Mukadzera ku Bangula muyenera kuwoloka pabwato pa Mtayamoyo. Komanso dera limeneli ndi limene limasautsidwa kwambiri ndi madzi osefukira, monga zinachitikira mu 2015, mu 2019, ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023, choncho funsani kaye anthu a komweko za msewu ndi doko musananyamuke.

Ku Lengwe zinthu n'zosiyana kotheratu. Kudambo mumayenda pamadzi kufunafuna zoona, pomwe kuno mumakhala phee, zoonazo zimakupezani zokha. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1970 ndipo imadziwika ndi boo, nyama ya mizeremizere imene azungu amati nyala. Dera lake n'louma kwambiri, ndiye anakumba maiwe amene amathiramo madzi, n'kumanga nsanja zobisalamo pambali pake. Maiwewo ndi aang'ono, madzi ake ndi amatope, munthu wofuna nyanja angakhumudwe. Koma khalani m'nsanjamo kum'bandakucha m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, pamene zithaphwi zonse za m'tchire zauma. Zimayamba ndi nkhanga ndi njiwa. Kenako njiri, michira ili m'mwamba. Kenako boo wamphongo amatuluka m'nkhalango pang'onopang'ono, aima, anunkhiza mphepo, ayendanso, mpaka kuweramira madzi. Anyani amabwera ndi phokoso lawo, nswala zili pambuyo, ndipo tsiku lamwayi gulu la njati limadzaza dziwe lonse.

Kwa banja lokhala ndi ana aang'ono kapena agogo, Lengwe ndiye malo oyenera. Simukwera bwato, muli pamthunzi, ndipo kuchoka pamsewu waukulu wa M1 pafupi ndi Nchalo ndi mtunda waufupi wodutsa m'minda ya nzimbe.  Mikango ndi njovu kulibe, komabe njati si nyama yoseweretsa, ndiye mawu a mlonda wa paki muwamvere. Chovuta chimodzi n'chakuti ana amatopa kukhala chete, ndipo akangoyamba kulongolola nyama sizifika. Pageti mumalipira, koma Amalawi timalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja, bola mutenge chiphaso cha unzika. M'dzinja musavutike: madzi ali ponseponse m'tchire, nyama sizifuna dziwe, misewu nayo ndi yamakande oterera.

Majete ndi wa munthu amene wakonzeka m'thumba. Kuyambira 2003 nkhalangoyi imayendetsedwa ndi bungwe la African Parks, limene linabwezeretsamo nyama zimene zinatheratu: zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, mikango mu 2012. Njovu zimene zinasowa kudambo kuja, kuno ndiye mungazione zikumwa m'mphepete mwa Shire. Kumtunda kwa damu la magetsi la Kapichira madzi amayenda mwakachetechete, ndipo mumakwera boti la injini lokhala ndi majekete ndi woyendetsa wophunzitsidwa, n'kumadutsa mvuu, ng'ona zowothera dzuwa ndi anakodzwe. Kumunsi kwake kuli mathithi amene anatsekereza sitima ya Livingstone kuti isapitirire kumtunda. Pamalo ogona alendo a Thawale palinso dziwe lomwera nyama longa la ku Lengwe, kungoti kumeneko kumabweranso njovu.

Pa chitetezo ndi ukhondo, Majete amaposa enawa kutalitali. Koma zonse n'zolipira, geti palokha, boti palokha, galimoto yoonera nyama palokha, ndipo kumene kuli mikango simungangoyenda wapansi nokha kapena kulowa pakabaza. Muimbiretu foni kufunsa ngati boti likuyenda, chifukwa madzi a pa Kapichira amadalira damu, ndipo tonse tikukumbuka mmene namondwe wa Ana analigumulira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 n'kukhala mumdima miyezi yambirimbiri. Chimene chimandichepera ku Majete n'chakuti umakhala mlendo wosamalidwa, madzi uli nawo patali pang'ono. Kudambo umakhala mkati mwa moyo wa anthu ako, ukupatsana moni ndi asodzi ovuula mono ndi amayi ochokera kudimba.

Tsono mwezi ndi umene uyenera kukusankhirani. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, madzi osefukira ataphwa, kunja kukuzizirirako, pitani ku Elephant Marsh, chifukwa kukhala maola atatu pabwato lopanda denga mu Okutobala n'kudzizunza. Kutentha kukafika pachimake, Lengwe ndiye amakoma, popeza ludzu lomwe likukuvutani inulo ndi limene likukokera nyama padziwe. Majete amakoma chilimwe chonse.

Ena andifunsa za malo ena. Ku Mwabvi, m'boma la Nsanje, mtsinje umasiya timaiwe pakati pa miyala m'chilimwe, ndipo ndi kwabwino kwa anyamata okonda kuyenda wapansi, koma munyamule madzi akumwa ndi chakudya chanu. Padoko la Nsanje limene linatsegulidwa mu 2010 mungakhale madzulo kupitidwa mphepo n'kujambulitsa, basi. Maiwe a nsomba a ku Kasinthula ndi a ntchito ya ulimi, oyenera aphunzitsi ofuna kuonetsa ana kawetedwe ka nsomba atapempha chilolezo. Ngalande zothirira nzimbe ndi ngalande yaikulu yatsopano yochokera ku Kapichira, chonde abale anga, tiletse ana kusambamo. Makoma ake ndi oterera ndipo madzi amathamanga kuposa mmene amaonekera.

Aphunzitsi okonza ulendo wa kalasi yonse asankhe Lengwe kapena Majete, chifukwa ana makumi anayi sangakwane m'mabwato a asodzi popanda ngozi. Kudambo pitani anthu ochepa, akuluakulu okhaokha kapena ndi ana osinkhukirapo. Mukafika muyambe mwaonekera kwa a komiti ya padoko kuti akupatseni munthu wodziwa mipata, mugwirizane mtengo bwato lisananyamuke, ndipo musamuphwanyire mtengo mopitirira, poti tsiku limenelo wasiya ukonde wake chifukwa cha inu. Nyamukani m'mamawa mphepo isanayambe, chipewa kumutu, foni mutaimanga m'pulasitiki, m'bwato limodzi okwera awiri kapena atatu. Musaviike dzanja m'madzi, ndipo wopalasa akanena kuti apa tibwerere, musamuumirize kuti akuyandikitseni kwa mvuu kuti mujambule bwino.