Swift Sport ya 2013 ndi yabwino, koma wondigulitsa anandinamiza

Galimoto ya Suzuki imeneyi ndinaigula kwa bambo wina woitanitsa magalimoto ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Mtengo wake mukuudziwa kale, makamaka mukaphatikiza dyute. Ndisanapereke ndalama ndinafunsa kawiri kuti, "Achimwene, sipeya ilimo?" Iwo akuti, "Bwana zonse zilimo, jeke, sipanala, musadandaule." M'buti munali makatoni awo, ndiye sindinasuzumire pansi.

Patangotha milungu itatu ndinapita ku Santhe kukatenga mayi anga kuti akaonane ndi dokotala pa boma. Pobwerera kunali kachisisira, mvula ikuwaza, ndipo tisanafike pa Chinkhoma ndinagwera m'dzenje lodzadza madzi. Tayala lakutsogolo linang'ambika m'mbali pompo. Ndatsegula buti, ndatukula kapeti, mulibe sipeya, ngakhale malo oikapo tayala palibe. Ndinangopezamo kapampu ndi kabotolo ka mankhwala omatira, deti yake itadutsa kalekale, komanso mankhwalawo sathandiza tayala long'ambika m'mbali. Nditawaimbira bambo aja anayankha mosatekeseka: "Aaa bwana, ma Sport sabwera ndi sipeya, simumadziwa?" Ndiye kuti ankadziwa tsiku lija akundilumbirira. Mayi anga, munthu wamkulu wodwala miyendo, ndinawakweza kabaza mvula ili pamutu, atadzifunditsa chitenje. Zimenezo sindidzawakhululukira bambo amenewa.

Galimoto inagona pakhomo pa munthu wachifundo masiku awiri. Tayala la 195/45 R17 ndinalisaka pa Kasungu ponse, aliyense akungonditulutsira a 14 ndi 15 a Vitz ndi Sienta, mpaka mlamu wanga anachita kulikweza minibasi kuchokera ku Lilongwe.

Sabata imeneyo ndinkafuna kuigulitsa. Koma kunena zoona, ikakhala pa tala galimotoyi imandibweza mtima. Injini yake ndi M16A ya malita 1.6, yopanda turbo, mphamvu 136 horsepower, magiya 6 osintha ndi dzanja, ndipo kulemera kwake kumangopitirira pang'ono makilogalamu 1,000. Nyengo ya fodya mukudziwa mmene malole opita ku okushoni ya Chinkhoma amatsekera msewu. Ndikabwerera giya 3 n'kuponda, singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ikangodutsa 4,000 injini imasintha kulira, lole n'kutsala m'galasi. Pokhota sipendama ngati Vitz yomwe ndinali nayo kale, mpando umakugwira m'nthiti, mabuleki amaluma ukangowakhudza. Thanki ndi ya malita 42, ndipo ukamayenda mwaulemu pa giya 6 petulo sikudya kwambiri.

Vuto ndi kufupika. Pa mahampu a pa Mponela ndi Madisi ndimadutsa chopingasa, ndipo msewu wafumbi wopita kumudzi kwathu nthawi ya dzinja sindiuyerekeza n'komwe. Kumbuyo anthu atatu akuluakulu amapanikizana.

Panopa ndinagula rimu ndi tayala lapadera ndi ndalama zanga, ndipo ladzadza buti moti thumba la chimanga limakwera pampando. Bambo aja analonjeza kundibwezera theka la ndalamayo. Miyezi inayi yatha, foni yanga sakuyankhanso.