Mfuti ya mahamala ija patha miyezi 14, ndipo wondigulitsa anandinamiza chaka

Patha chaka ndi miyezi iwiri chigulireni Remington Model 1889 yanga, ya mipope iwiri yogundizana, 12 geji (ndiye kukula kwa mipopeyo), mahamala awiri, tinyundo tomenya chipolopolo kuti chiphulike, ali panja ngati makutu a kalulu. Ndinaigula 650 dola pa gun show, chionetsero chogulitsa mfuti, kuno ku Indiana, ndipo madala amene anandigulitsa anachita kulumbira kuti "iyi ndi ya m'gulu lomaliza, itangokwana 1900 ku America kuno palibe anapanganso mfuti ya mahamala." Ine poti ndinali nditagwa nayo kale m'chikondi ndinangoti eya eya nkutulutsa ndalama. Kunena zoona chinandikoka si mbiri yake ayi, inangondikumbutsa gogodela wa agogo anga kumudzi, amene ankamutcha ndi chala chachikulu uku akutithamangitsa ana kuti tichoke pafupi.

Ndiyambe ndi bodza lija chifukwa landidya mtima miyezi yonseyi. Siriyo nambala ya mfuti yanga yomweyi ikulozera cha m'ma 1904, ndiye nkhani ya 1900 yagwa pomwepo. Remington inapanga modelo imeneyi kuyambira 1889 mpaka 1908, ndipo pofika 1910 inasiyiratu mfuti za mipope iwiri zonse, za mahamala ndi zopanda mahamala zomwe, nkuika mtima pa mapampu (zimene umakoka chogwirira cha kutsogolo kuti ulowetse chipolopolo china) ndi ma otomatiki. Koma ena sanasiye nthawi imeneyo. L.C. Smith, imene inkapangidwa ndi Hunter Arms ku Fulton, New York, inagulitsabe za mahamala mpaka koyambirira kwa m'ma 1930. Stevens nayo inali ndi Model 235 yotchipa ija imene inafika cha komweko. Crescent ya ku Norwich, Connecticut ndiye inkapanga zambirimbiri nkumadinda dzina lililonse limene mwini hadiweya wafuna, mpaka inamezedwa ndi Savage cha m'ma 1930. Ndiye ngati tikunena za mahamala za mipope iwiri, imfa yake yeniyeni ndi nthawi ya Great Depression, mavuto aakulu a zachuma a m'ma 1930 aja, osati 1900.

Komanso "mfuti ya hamala" si mipope iwiri yokha aise. Winchester Model 1897, pampu ya John Browning, ili ndi hamala panja poyera ndipo inapangidwa mpaka 1957, zoposa miliyoni imodzi, chonsecho Model 12 yopanda hamala inali itatuluka kale mu 1912. Tangoganizani, zaka 45 zikugulitsidwa limodzi. Za mpope umodzi zothyola pakati zija ndiye sizinafe nkomwe, kampani ya H&R inazipanga mpaka 2015 ndipo Henry ikupangabe lero lino. Ndiye munthu akakuuzani chaka chimodzi kuti apa ndi pamene zinathera, mufunseni kaye kuti akunena mtundu uti.

Chinazipha nchani? Ku Birmingham, Anson ndi Deeley anatulukira mu 1875 njira yobisa mahamala mkati moti mfuti imadzitcha yokha ukamaithyola. Anthu a ndalama anathamangira kumeneko, kampani ya Parker ya ku Meriden ku America kuno inayamba zake zopanda mahamala chakumapeto kwa m'ma 1880, ndiye za mahamala zinatsala ngati za alimi, zotchipa za m'katalogi ya sitolo ya Sears. Ine poyamba ndinkati inali fashoni chabe koma nditayenda nayo m'tchire ndamvetsa, dikirani ndifike.

Sopano za mfuti yangayi. Chinthu choyamba chimene ndinachita bwino nkusaombera ndisanapite nayo kwa gunsmith, mmisiri wa mfuti. Anayeza chemba, malo olowera chipolopolo, napeza kuti ndi 2 5/8 inchi, pamene zipolopolo za mu shopu masiku ano ndi 2 3/4, ndipo zimalowa bwinobwino ngati palibe vuto, apo ndiye pali msampha, chifukwa kutalika kwakeko amayeza chipolopolo chikatseguka pambuyo poomba. Mwayi wanga mipope ndi ya chitsulo wamba, si ya Damascus yopota ija imene anthu amaiopa kuti dzimbiri limabisala m'mizere. Anayezanso kukhuthala kwa mipope nati ili bho koma ndizingogwiritsa za 2 1/2 inchi za presha yotsika basi. Eee, zimenezi ndiye zandikwapula m'thumba. Sizipezeka pa shelefu, umachita kuitanitsa, mtengo pafupifupi kawiri, ndipo miyezi ina zimangosowa zii. Machaka a chitsulo ndiye ayi ndithu, kutanthauza kuti abakha ndi atsekwe ndinawaiwala, poti lamulo kuno linaletsa mtovu posaka mbalame za m'madzi kuyambira 1991.

Ndaomba zipolopolo mwina 400 zonse pamodzi, zambiri pa timbale tadothi toponyedwa m'mwamba tija Loweruka, zina pa agologolo ndi akalulu. Ikakhala pa phewa imakhala ngati inabadwira pomwepo, koma thabwa lake ndi lokhota kwambiri kupita pansi monga ankapangira kale, ndiye mwezi woyamba ndinkangoombera pansi pa mbale, anzanga kumaseka kuti ndikulima. Ndinachita kuphunzira kuimika mutu m'malo mokanikiza tsaya. Mipope yonse iwiri ndi yothina kukamwa, ndiye kalulu wapafupi kapena umuphonya kapena umuphwanyiratu ndiwo zake, koma gologolo ali pamwamba pa mtengo wautali sapulumuka. Kulemera ndiye ikulemera, ukayenda nayo maola anayi mkono umadziwa.

Mwezi wachisanu hamala ya kumanja inayamba kunyanyala, kumenya koma osaphulika, kamodzi pa kasanu kalikonse. Sipuling'i yaikulu inali itatopa, zaka 120 si masewera, ndipo zinaonekanso kuti winawake kalekale anaipala ndi fayilo. Sipeya yake sugula pa kauntala, gunsmith uja anachita kusula yatsopano pamanja, ndinadikira masabata 7 nkulipira 140 dola. Kuchokera apo sinakanenso olo kamodzi. Pali kamng'alu kakang'ono pa thabwa kuseri kwa loko ya kumanzere, chitsulo chimene pamakhala hamala, tinathiramo guluu ndipo ndimakayang'ana ndikangobwera kosaka, sikanakule.

Za m'tchire zija. Mu Disembala kukuzizira koopsa ndinavala magolovesi okhuthala, mbalame inabuka pafupi ndi mapazi anga, ine kulimbana ndi hamala chala chikuterereka, pomwe ndimati ndatcha mbalame ili kutali ikundiseka. Mnzanga wa mfuti yamakono anangokankha sefite, kabatani kotsekera mfuti, nkugwetsa. Tsiku lomwelo hamala inakola mu minga kawiri. Ndipo choopsa kwambiri ndi kubweza hamala pansi ukatcha koma osaomba, umagwira ndi chala uku ukukoka thiriga pang'onopang'ono, tsiku lina ndikuyeserera kunyumba mfuti ilibe kanthu inandipulumuka nkumenya kuti tcha, ndinatuluka thukuta ngakhale munalibe chipolopolo. Cholakwa chinali changa, golovesi. Pamenepo ndinawamvetsa anthu a 1910 amene ankaona pampu ya zipolopolo zisanu nkutaya za mahamala osacheuka.

Komabe pali chimodzi chimene za masiku ano sizingandipatse. Ndi iyi ndimaona ndi maso, ngakhale mnzanga ali uko amaona, kuti yatchedwa kapena ayi. Palibe zoganizira kuti kodi sefite ili pati. Mahamala ake ndi obwerera okha pang'ono akamenya, sakhala atatsamira pa pini, ndiye kuthyola mfuti nkosavuta. Ndipo kaphokoso kotcha kaja, kaya ndi ukalamba kaya, ine kamandisangalatsa kuposa kuombako.

Ndingaigulenso? Eya, koma osati pa 650, chifukwa ndikaphatikiza gunsmith ndi zipolopolo ndadutsa 1,100 dola kalekale. Ndipo isakhale mfuti yanu yokhayo. Amene akungofuna maonekedwe a mahamala popanda mavuto onsewa, zilipo zatsopano zochokera ku Turkey ndi ku Italy zimene zimadya zipolopolo wamba, anyamata a masewera a chikauboyi amagula zimenezo. Ine yangayi ikhala, mwezi wa mawa sizoni ya agologolo ikutsegulidwa ndipo mabokosi anayi a 2 1/2 afika dzana. Madala aja ndinawaonanso pa show ya mu Malichi ali ndi Stevens ya mahamala pa tebulo, akuuza mnyamata wina kuti ndi ya m'gulu lomaliza 1900 isanakwane.