Kashopu kolemba makalata pa Nchalo

Ofesi ina ya boma itataya fayilo yathu, momwe munali mafotokope a ziphaso zaunzika ndi manambala a foni, akuba anayamba kutiimbira ati titumize ndalama kuti tilandire chimanga. Ndinapita pa kashopu ka mnyamata wina pa Nchalo kuti andilembere kalata yofuna chipukuta misozi.

Mnyamatayo ntchito amaidziwa. Anatchulamo lamulo la Data Protection Act la 2024, loteteza zinsinsi za anthu, nandiuza kuti kalata ina ipite ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, ina kwa Ombudsman, amene amamva madandaulo okhudza maofesi a boma. Sanandidulirenso.

Koma kutentha kwake m'katimo, abale! Fani inafa kalekale, pulinta imatafuna mapepala, magetsi akathima mumangokhala pabenchi kupukuta thukuta. Mulawirire m'mamawa, ndipo pokapereka kalatayo muumirire kuti akudindireni yanu yotsala.