Sikuta yamagetsi ya 36V: yabwino pa tala, koma mvula ya ku Mzuzu imaisokoneza

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Zikanakhala zinayi chipanda kuthimathima kumene kunandizunza m'nyengo ya dzinja yapitayi. Ndalemba makamaka chifukwa cha anzanga amene sikuta zawo zayamba khalidwe lomweli, poti ambiri akuuzidwa kuti agule batire latsopano pamene batirelo lilibe mlandu.

Yanga ndi yoimirira ija, yopinda, ya batire la 36V ndi mota ya 350W yomwe ili m'tayala lakutsogolo. Ndimayendera kuchoka ku Luwinga kupita kuntchito m'tauni. Pa tala palibe chodandaula: siisokosa, ndimakwera nayo masitepe n'kukaiimika kuseri kwa chitseko cha ofesi, ndipo mafuta akasowa ine mizere ija sindiidziwa.

Vuto linali lakuti ndili mkati moyenda, mphamvu inkangoduka. Kanthawi pang'ono, n'kubwerera yokha ngati palibe chachitika. Tsiku lina yayenda bwinobwino, mawa lake yathima kangapo ndisanafike n'komwe pa Katoto. Pa M1, minibasi ili kumbuyo kwako, zimenezi si zoseketsa ayi. Amene anandigulitsa nditawaimbira sanafunse kanthu, anangoti, "Ndi batire limenelo mayi, tikuitanitsireni lina." Batire ndiye chinthu chodula kuposa zonse pa sikuta, choncho ndinayamba ndakaonana ndi bambo ena okonza ma inverter ndi zipangizo za sola chakumsika.

Iwowa asanagwire sikuludiraiva anandifunsa kuti, "Mayi, ikamathima, sikirini nayo imathima kapena imakhala ikuyakabe?" Funso limeneli ndiye lonse. Sikirini ikathima, ndiye kuti moto waduka kuchokera ku batire: mwina pulagi yakhwefuka, waya wathothoka, kapena BMS, kabolodi koteteza batire, kadula dala. Koma sikirini ikakhala ikuyaka mota yokha n'kusiya kukoka, batire lisiyeni kaye, yang'anani buleki, kopatsira moto, kapena mawaya opita ku mota. Yanga inkachita zonse ziwiri, masiku osiyana. Bambo aja anaseka n'kunena kuti ndiye kuti matenda alipo awiri.

Batire analiyezabe. La 36V likadzaza limaonetsa 42V pa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, chifukwa muli magulu 10 a maselo ndipo lililonse limafika 4.2V. Langa linali pafupi pomwepo. Anandichenjeza kuti kuyeza sikuta itaima sikokwanira, batire lotopa limathanso kuonetsa nambala yabwino, n'kudzagwa likakumana ndi katundu. Gulu limodzi la maselo likatsika kwambiri, BMS imadula zonse. Batire lotere limathimira pachitunda, kapena ukapatsa moto mwamphamvu, makamaka likafika theka. Yanga inkathima pamalo athyathyathya, batire lili lodzaza, ndikangodumpha hampu kapena kukagwa mvula usiku.

Matenda oyamba anawapeza mosavuta mpaka ndinachita manyazi m'malo mwa wogulitsa uja. Ananyamula tayala lakutsogolo, n'kundiuza kuti ndipatse moto. Tayala likuzungulira, iwo anangogogoda chogwirira buleki ndi chala, osachifinya. Tayala zii, nyale yofiira yakumbuyo n'kuwala. M'chogwiriramo muli kasensa komwe kamauza controller, kabokosi kolamulira mphamvu yopita ku mota, kuti idule mota ukagwira buleki. Changa sichinkabwerera mpaka kumapeto chifukwa chingwe cha buleki chinali chitachita dzimbiri ndi matope, ndiye kugwedezeka pang'ono kokha sikuta inkaganiza kuti ndaigwira buleki. Anapukuta, kuthira mafuta m'chingwe, kukunga, basi.

Achiwiri anali pansi popondapo mapazi. Atamasula chivundikiro, mkati munali chinyontho, ndipo pulagi yachikasu yolumikiza batire ku controller inali ndi zobiriwira m'mano mwake, mbali imodzi yadetsedwa ndi kutentha. Anayatsa sikuta n'kugwedeza waya pang'ono, sikirini inathima pomwepo. Apa ndi pamene ndimadandaula nawo opanga. Pabokosi analemba IP54, kutanthauza kuti imapirira fumbi ndi madzi ongowazika. Mwina kumene anaipangira zimakwanira, koma kuno mvula imavumba mpaka mu Epulo, nthawi zina kupitirira, ndipo tayala limaponyera madzi pansi pomwepo pamene pali batire. Kalabala kotsekera m'mphepete mwa chivundikiro n'kopyapyala zedi.

Anachotsa pulagiyo n'kuwotcherera ina, waya umodzi umodzi, winawo ataukulunga tepi. Ndikunena izi chifukwa achinyamata ena amadula mawaya onse awiri nthawi imodzi ndi pulayazi. Batire la lithium likagundanitsidwa choncho limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Kenako anamata silikoni m'mphepete monse. Anayang'ananso mawaya odutsa popindira paja, poti amakhulika ukamaipinda kawirikawiri, koma anga anali bwino. Ndalama imene ndinalipira siikufika ngakhale pang'ono pa mtengo wa batire, ndipo chikonzereni sinathimenso. Bambo amenewa ndikanawapatsa nyenyezi zonse zisanu.

Sikutayo payokha, ndingalimbikitse munthu amene njira yake ndi ya tala ndipo ali ndi poisunga pouma. Ngati mumakhala mkati mwa Chibavi kapena Mchengautuwa kumene msewu wafumbi umasanduka matope, matayala a mainchesi 8.5 awa adzakukhumudwitsani, bola kabaza. Pachitunda imakwera koma mwaulesi, munthu wathupi amayenera kuithandiza ndi phazi. Mukaigula, pitani nayo akakumatireni silikoni mvula isanayambe, ndipo itanitsiranitu machubu awiri, chifukwa a saizi imeneyi ndinazungulira nawo mashopu a njinga m'tauni muno osawapeza.